Laputopu Yothamanga Masekondi 28 Okha

Mwana wa mlongo wanga anafika kwathu Loweruka lina la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, chikwama chili kumsana, nkhope ili yakugwa. Anali atasunga ndalama chaka ndi theka, zochokera ku ganyu yojambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati, n'kuitanitsa laputopu yogwirapo kale ntchito kudzera kwa munthu wina amene ankapita ku Johannesburg. Inali ya magemu, yolemera ngati njerwa, kiyibodi yake yoyaka zofiira. Pasitika panalembedwa Core i7, ndipo mbali ya zithunzi inali ndi GPU ya Nvidia, GTX 1060.

"Amalume, andipusitsa," anatero asanakhale n'komwe pansi. "Ndikangoyamba gemu imathamanga bwinobwino. Pakapita mphindi zisanu imayamba kudukiza, zithunzi kumayenda modumphadumpha. Kapena i7 yakeyi ndi yabodza?"

Ndatsegula makompyuta a anthu kwa zaka zambiri, ndipo dandaulo limeneli ndalimva kosawerengeka. Limandikhudza chifukwa amene amabwera nalo nthawi zambiri ndi achinyamata amene adzimana zambiri kuti agule makinawo, ndipo asanafike kwa ine amakhala atalipira kale munthu woti achotse "mavairasi", wina woti alowetsenso Windows, wina woti awonjezere RAM. Vuto limakhala pomwepo.

Ndinamuuza kuti tisamasule kaye kanthu. Tinalowetsa kapulogalamu kaulere kotchedwa HWiNFO, kamene kamaonetsa zimene zikuchitika m'kati mwa kompyuta: kutentha, liwiro, ndi mawati amene chigawo chilichonse chikudya. Purosesa inali yeniyeni, i7-8750H, imene Intel inatulutsa mu 2018. Ili ndi ma core 6, kunena kwake timapurosesa 6 m'kachidutswa kamodzi. Intel imaipatsa manambala awiri a liwiro, 2.2 GHz ndi 4.1 GHz. GHz imodzi ndi masitepe 1 biliyoni pa sekondi. Nambala yaing'onoyo ndi imene purosesa iyenera kukwanitsa tsiku lonse. Yaikuluyo, imene amaitcha turbo, imafikidwa zinthu zikalola, ndiponso core imodzi ikamagwira yokha. Onse 6 akamagwira limodzi, denga lake ndi 3.9. Ogulitsa amakonda kutchula yaikulu ija.

Tinayatsa gemu, ife maso ali pa manambala. Madigiri 65, kenaka 80, kenaka 92. Mafani anayamba kulira ngati chigayo. Atafika 99, mzere wolembedwa Thermal Throttling unasintha kuchoka pa No kupita pa Yes, n'kufiira, ndipo liwiro linatsika kuchoka pa 3.9 n'kumavinavina m'munsi mwa 3. Pasikirini munthu wa mu gemu uja anayamba kuyenda ngati waponda minga.

Throttling ndi imeneyo: purosesa kudzimangira yokha mabuleki. Magetsi onse amene amalowa mu purosesa amatuluka ali kutentha, palibe amene amatsalira. Amene munakula ndi mababu akale a mawati 60 mukukumbukira mmene ankawotchera zala munthu ukafuna kuligulula litangozima. Ndiye ganizirani mawati 45, mwina 70, akutulukira pa kachidutswa kofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Kuti kutenthako kuchoke, pamwamba pa purosesa amaikapo timapaipi ta mkuwa tophwatalala, totsekeka mbali zonse, momwe muli timadzi pang'ono. Timadzito timasanduka nthunzi kumbali yotentha, nthunziyo imathamangira kumbali ya fani, imazizira n'kubwereranso ili madzi. Kumapeto kwa timapaipito kuli tizitsulo topyapyala tondandalikana ngati mano a chipeso, ndipo fani imapemerera mphepo pakati pake. Njira imeneyi ikalephera kuchotsa kutentha mofulumira, madigiri amakwera. Pa purosesa imeneyi Intel inaika malire pa madigiri 100, pamene madzi amawira. Ikafika pamenepo imachepetsa liwiro ndi mphamvu ya magetsi kuti isapse.

Kale sizinali choncho pa mapurosesa onse. Mu 2001 atolankhani a Tom's Hardware anajambula vidiyo imene anthu okonda makompyuta amaikumbukirabe. Anayatsa gemu, kenaka n'kuchotsa choziziritsira purosesa makina akugwira ntchito. Pentium 4 ya Intel inangochepetsa liwiro, gemu n'kumayenda mwaulesi, ndipo atabwezeretsa choziziritsiracho inathamanganso. Athlon ya AMD inafuka utsi m'masekondi ochepa n'kuferatu. Masiku ano makampani onse awiri amaika chitetezo chimenechi. Choncho ndinamuuza mnyamata uja kuti laputopu yake sikudwala matenda achilendo ayi. Ikudziteteza, ndipo ntchito yathu ndi kupeza chimene ikudziteteza nacho.

Tinamasula chivundikiro chapansi, n'kuyamba ndagulula waya wa batire, chifukwa sikuluu imodzi ikagwera pa bolodi magetsi alimo, nkhani imathera pomwepo. Mafani ankaoneka oyera ndithu, moti iye anayamba kunena kuti fumbi mulibe. Koma fumbi silikhala pa fani. Limakhala pakati pa fani ndi tizitsulo tija, pamene diso silifika fani isanachotsedwe. Nditanyamula fani yoyamba, ndinasolola chinthu chonga kabulangete ka imvi, ulusi wa zofunda wosakanikirana ndi fumbi lofiira, chotseka njira yonse ya mphepo. Fani inkazungulira ndi mphamvu zake zonse, koma inkapemerera khoma. Kaphala kamene amapaka pakati pa purosesa ndi mkuwa, kamene okonza timangoti thermal paste, kanali katauma n'kung'aluka ngati dothi la kudambo m'chilimwe. Tinapukuta, n'kupaka katsopano. Pophulitsa fumbi ndi mphepo, fani muziigwira ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyeso wake.

Pali chinthu china chimene anthu a kuno tiyenera kuchiwerengera. Fani siipanga kuzizira, imangogwiritsa ntchito mpweya umene uli m'chipindamo. Ngati amene anayesa laputopu n'kulemba zoitamanda anali m'chipinda cha madigiri 22, ndipo inu muli m'nyumba ya malata ya madigiri 33, purosesa yanu idzakhala pamwamba ndi madigiri pafupifupi 11 pa ntchito yomweyo. Laputopu imene kwa iwo imaima pa 90 kwa inu yagunda kale denga. Kwa abale a ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumafika madigiri 40, n'kuposa pamenepo. Ndiye wina n'kuiikanso pabedi, mabowo apansi atatsekedwa ndi bulangete.

Titatseka n'kuyatsanso, madigiri anatsikira m'ma 80 ndipo kudukiza kuja kunatha. Mnyamata anasekerera koyamba tsiku limenelo. Koma ine ndinadziwa kuti nkhani sinathe, choncho ndinamuuza kuti atsegule vidiyo ya ukwati imene ankakonza, aiuze kompyuta kuti iitulutse yonse. Ntchito imeneyi imagwiritsa ma core onse 6 nthawi imodzi, kuposa mmene magemu ambiri amachitira.

Inayamba ndi ukali: 3.9 GHz, mawati kupitirira 70. Patapita pafupifupi theka la mphindi, mawati anagwa mwadzidzidzi n'kuima pa 45 ngati agunda chitseko, ndipo liwiro linatsikira cha m'ma 3.0. Madigiri nawo anatsika mpaka m'ma 70. Mzere wa Thermal Throttling unali pa No. Umene unafiira tsopano unali wina, wa Power Limit.

"Nanga tsopano ikuopa chiyani, Amalume? Si iyi yazizira?"

Funso lake linali labwino, ndipo pamenepa ndi pamene anthu ambiri amasokonekera, n'kumagula zoziziritsira zapansi ndi mafani owonjezera popanda kusintha kulikonse. Mabuleki achiwiriwa sayang'ana madigiri. Ndi lamulo limene linalembedwa mu laputopu isanachoke kufakitale. Intel imapereka malire awiri a mawati. PL1 ndi mawati amene purosesa ingadye kwa nthawi yaitali. PL2 ndi mawati okwera amene imaloledwa kudya kwa kanthawi. Ndiye pali nambala yachitatu, tau, imene imanena kutalika kwa kanthawiko, ndipo pa malaputopu ambiri a nthawi imeneyo inali masekondi 28. Si wotchi yeniyeni yowerenga masekondi. Purosesa imawerengera mawati amene yadya posachedwapa, ndipo akakwana pa PL1 imabwerera. Ndiye ikakhala kuti imapuma, imathamanga nthawi yotalikirapo, koma ikakhala kuti imagwira kale ntchito, imabwerera msanga.

Ndinamufunsa ngati anakwerapo kabaza pa chitunda. Woyendetsa amatha kuimirira pa mapedulo n'kupalasa mwamphamvu mpaka kukwera kamtunda kakafupi. Koma ngati ulendo uli wa makilomita khumi, amakhala pansi n'kupalasa mwa muyeso umene angaupirire mpaka kukafika. Kutsegula pulogalamu, kutsegula tsamba la pa intaneti, kusunga chithunzi, timenetu ndi timitunda tatifupi, ndipo turbo inapangidwira timeneti. Gemu ya maola awiri kapena vidiyo ya ukwati ndi ulendo wautali.

Chimene ogula ambiri sadziwa n'chakuti manambala atatuwa saikidwa ndi Intel yokha. Wopanga laputopu ali ndi ufulu wowakweza kapena kuwatsitsa malinga ndi makina ake. Iye amadziwa kukula kwa timapaipi ta mkuwa timene waika, mphamvu ya tchaja imene wapereka, ndi mphamvu ya tizigawo ta pa bolodi timene timatsitsa magetsi a tchaja kuchoka pa mavoti 19 kufika pa voti imodzi ndi pang'ono imene purosesa imafuna. Tizigawo timeneti nato timatentha ndipo tili ndi malire ake. Amaganiziranso za manja ndi ntchafu za mwini wake. AMD inafika popanga njira yakeyake yotchedwa STAPM, imene imachepetsa mawati poyang'anira kutentha kwa chikombole chakunja chimene munthu amakhudza. Zotsatira zake n'zakuti malaputopu awiri okhala ndi purosesa ya dzina limodzi, nambala imodzi, angasiyane kwambiri pa ntchito yaitali. Yonenepa, ya mafani aakulu, imaloledwa mawati ambiri. Yopyapyala, yokongola, imamangidwa msanga.

Mwina mungafunse kuti bwanji kuchoka pa 3.0 kufika pa 3.9 kukufuna mawati ochuluka chotere. Kuti purosesa ithamange kwambiri imafuna mavoti okwererapo, ndipo kutentha sikukwera mofanana ndi mavoti, kumakwera mowirikiza: mavoti akawonjezeka kawiri, mawati amawonjezeka kanayi, liwiro lisanawerengedwe n'komwe. Choncho masitepe omaliza a liwiro ndi okwera mtengo kwambiri. Khoma limeneli ndi lakale. Mu 2004 Intel inasiya cholinga chake chotulutsa Pentium 4 ya 4 GHz, n'kuima pa 3.8, ndipo kuchokera pamenepo makampani anatembenukira ku njira yochulukitsa ma core. Koma njala ya mawati sinathe. Core i9-13980HX ya mu 2023, ya ma core 24, Intel imailembera mawati 55 a nthawi zonse ndi mawati 157 a turbo. Laputopu yoti ichotse kutentha kwa mawati 157 kwa ola lathunthu, GPU nayo ikutentha pambali, siingakhale yopyapyala.

Kumbali ya GPU ndi kumene ine mtima umandiwawa kwambiri. RTX 3060 ya pa laputopu, imene inatuluka mu 2021, wopanga angaiike pa mawati 60 kapena pa 115, dzina n'kukhala lomwelo. RTX 4060 ya mu 2023 imayambira pa mawati 35 mpaka 115. Mnyamata amene waloweza mayina amenewa n'kumasunga ndalama akulota za 4060, angagule ya mawati ochepa n'kumadabwa kuti mnzake wa makina akale akumupitirira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma pano ngakhale kung'amba mkuyuwo sikuthandiza, chifukwa kachidutswa kali m'katimo n'kofanana. Kusiyana kuli m'lamulo losaoneka. Anthu atadandaula, mu 2021 momwemo Nvidia inayamba kulamula opanga malaputopu kuti azilemba poyera mawati a GPU. Nambala imeneyo, imene amaitcha TGP, ilipo pa masamba a opanga, koma ogulitsa zogwirapo kale ntchito saitchula, ndipo ambiri saidziwa. M'malaputopu ambiri purosesa ndi GPU zimagawana timapaipi tomwe tija ndi tchaja yomweyo, moti china chikadya kwambiri, chinzake chimachepekeredwa. Dynamic Boost ya Nvidia ndi SmartShift ya AMD ndi njira zosamutsira mawati pakati pa ziwirizi malinga ndi chimene chikufunika pa nthawiyo.

Ngakhale makampani akuluakulu amapunthwa pa nkhaniyi. Mu Julayi 2018 Apple inatulutsa MacBook Pro yokhala ndi Core i9, yodula kwambiri. Dave Lee, wojambula mavidiyo a pa YouTube, anaonetsa kuti potulutsa vidiyo purosesayo inkalephera ngakhale liwiro lake lapansi la 2.9 GHz. Anaiika mufiriji yowumitsa, ntchito yomwe inatenga mphindi 39 n'kutha m'mphindi 27. Pa 24 Julayi Apple inapepesa, n'kunena kuti panali cholakwika mu pulogalamu yoyendetsa za kutentha, ndipo inatulutsa yokonza.

Kwa mwana wa mlongo wanga panali njira imodzi yopezera liwiro popanda kuswa lamulo la mawati 45. Mapurosesa amachoka kufakitale atapatsidwa mavoti opitirirako pang'ono pa amene akufunikira, kuti ngakhale kachidutswa kofooka kagwire bwino. Pulogalamu ya ThrottleStop, yolembedwa ndi Kevin Glynn, kapena XTU ya Intel yomwe, imalola munthu kuchotsako pang'ono mavotiwo. Tinatsitsa pang'onopang'ono, tikuyesa pa sitepe iliyonse, mpaka tinaima pa mamilivoti 100. M'mawati 45 omwe aja purosesa inapeza malo othamangirapo, ndipo vidiyo inatha msanga. Ukatsitsa mopitirira, kompyuta imangouma kapena kuzima, ndiye umabwerera m'mbuyo. Ndi ntchito yofuna kudekha, yosayenera kuchitika usiku woti mawa ukapereke vidiyo kwa eni ukwati. Ife tinachita mwayi kuti khomo limeneli linali lotsegula. Mu Disembala 2019 akatswiri a m'mayunivesite a ku Birmingham, Graz ndi Leuven anaonetsa kuti kutsitsa mavoti mwadala kungagwiritsidwe ntchito kuba zinsinsi m'chigawo chotetezedwa cha mapurosesa a Intel. Njirayo anaitcha Plundervolt, ndipo pambuyo pake opanga ambiri anatseka khomoli kudzera mu BIOS yatsopano, kunena kwake pulogalamu ya pa bolodi imene imadzutsa kompyuta.

Pa magemu tinachita zosavuta. Sikirini yake imaonetsa zithunzi 60 pa sekondi, choncho tinauza gemu kuti isapitirire pamenepo, chifukwa zithunzi zowonjezera zikanangokhala kutentha kopanda phindu. Kumbuyo kwa laputopu tinaikako kathabwa kuti pansi pazipita mphepo. Kwa amene BIOS yake ndi yotseka, m'makonzedwe a magetsi a Windows muli malo olembapo mlingo wapamwamba wa purosesa. Pa malaputopu ambiri ukalemba 99 m'malo mwa 100, turbo imazima, madigiri amatsika kwambiri, ndipo magemu ambiri sasintha kwenikweni chifukwa katundu wolemera ali pa GPU. Liwiro lokhazikika limakoma m'maso kuposa lothamanga n'kumapunthwa.

Ndipo amene mukufuna kugula, musakhutire ndi kuyatsa n'kuona kuti yatseguka msanga, pakuti masekondi oyambirira laputopu iliyonse ndi ngwazi. Pemphani kuti igwire ntchito yolemera kwa mphindi khumi, HWiNFO ili yotsegula, muone pamene mawati ndi liwiro zikhazikike. Tembenuzaninso tchaja muwerenge zolembedwa pamsana pake.

Za tchajazi ndinaziphunzitsa mnyamata yemweyo patapita miyezi inayi. Usiku wina wa mvula magetsi anazima, ndipo pobwera anabwera ndi mphamvu, tchaja yake n'kupsa. M'mawa mwake anathamangira kumsika n'kugula ina ya mutu wofanana, yolowa bwinobwino. Madzulo anandiimbira foni mawu akunjenjemera: "Amalume, tsopano yaferatu. Ngakhale kutsegula chikalata ikutenga chaka."

Atabwera nayo, Task Manager, kapulogalamu ka Windows koonetsa liwiro la purosesa, inkaonetsa 0.79 GHz, osasuntha, purosesa ili yozizira ngati madzi a mumtsuko. Awa ndi mabuleki achitatu. Pa purosesa pali waya wa chizindikiro wotchedwa BD PROCHOT, umene zigawo zina za pa bolodi zimagwiritsa ntchito kuuza purosesa kuti itsike mpaka pansi penipeni. Batire likavuta, kachipangizo koyeza kutentha kakawonongeka, kapena tchaja ikakhala yochepa mphamvu, bolodi imakoka waya ameneyu. Malaputopu ena amafunsa tchaja kuti ndi ya mawati angati kudzera pa kasingano ka pakati pa mutu wake, ndipo yankho likapanda kubwera amaganiza zoipa n'kudziteteza. Ndinamuonetsa zolembedwa pa tchaja ziwirizo. Yopsayo: mavoti 19.5, maampu 9.23. Ukachulukitsa, mawati 180. Yatsopanoyo: mavoti 19.5, maampu 4.62, mawati 90 okha. Purosesa ya mawati 45 ndi GPU ya pafupifupi 80, kuwonjezerapo sikirini, mafani ndi kutchaja batire, sizingadye m'mbale imeneyo.

Anandiuza kuti waona pa intaneti kuti mu ThrottleStop muli kabokosi kozimitsira BD PROCHOT. Kalipodi, ndipo kamathandiza pamene wolakwa ali kachipangizo konama. Koma apa chenjezo linali loona, ndipo ndinamukaniza. Tchaja ya mawati 90 yokakamizidwa kupereka 150 imatentha, ndipo iye amagona m'chipinda chimodzi ndi mng'ono wake, tchajayo ili pansi pafupi ndi mphasa.

Anafunsa ngati angamasewere pa batire lokha podikira. Ndinamuwerengera. Batire la laputopu ngati yake limasunga cha m'ma 50 kapena 60 Wh, kunena kwake mphamvu yokwana kutulutsa mawati 50 kapena 60 kwa ola limodzi, ndipo ngakhale malaputopu odula kwambiri amaima pa 99.9 chifukwa malamulo a ndege amaika malire pa 100. Mawati 150 angamalize batire la 60 Wh m'mphindi 24, ndiponso batirelo silingatulutse mphamvu yotere popanda kutentha, choncho laputopu ikangochoka pa magetsi imatsitsa yokha malire a purosesa ndi GPU. N'chifukwa chake magetsi akazima pakati pa gemu, zithunzi zimayamba kukwawa nthawi yomweyo.

Tchaja yoyenera inatenga milungu itatu kuti ipezeke, ndipo inamudyera ndalama za ukwati umodzi wathunthu. Pa milungu imeneyo mavidiyo ake ankadzakonzera pa kompyuta yanga, usiku, ine ndikaweruka. Tsiku limene inafika anabwera nayo osaitsegula m'pepala lake. Asanailowetse anaitembenuza yekha n'kuwerenga mokweza, "19.5, 9.23," kenaka n'kutsegula Task Manager. Nambala ija inakhala pa 0.79 kwa sekondi imodzi, n'kudumphira pa 3.9.